Mpata wa kumbuyo kwa siketi

Amayi ambiri amene ndimawadziwa ali ndi siketi m'sutikesi imene anaigula pa kaunjika ataikonda, koma saivala. Nsalu yake ndi yabwino, mtundu sunasuluke, m'matako imalowa bwinobwino. Vuto lili kumbuyo, m'chiuno. Imasiya mpata woti dzanja lonse n'kulowa, ndipo ukawerama kuti unyamule mwana, amene ali kumbuyo kwako amaona zimene sanapemphe. Ena amaikoka ndi lamba, siketi n'kukwinyika ngati kukamwa kwa thumba la makala. Ena amabaya pini. Ambiri amangoti, "Thupi langali ndi lovuta," n'kuiponya pansi pa zovala zina.

Thupi silovuta ayi. Siketiyo anaisokera munthu wa papepala. Cha kumayambiriro kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akatswiri awiri a boma la America, Ruth O'Brien ndi William Shelton, anatsogolera ntchito yoyeza matupi a amayi pafupifupi 15,000 kuti mafakitale apeze sayizi zosokera zovala zambirimbiri nthawi imodzi. Zotsatira zake zinatuluka mu 1941, ndipo powerengetsera anatenga miyezo ya azungu okhaokha. Sayizi zimene dzikolo linakhazikitsa mu 1958 zinatsamira pa ntchito imeneyo. Masiku ano kampani iliyonse ili ndi miyezo yake, koma zambiri zimasokerabe mayi amene m'matako mwake mumaposa m'chiuno ndi mainchesi 10 kapena kuchepera pang'ono. Ine kusiyana kwake ndi mainchesi 12, ndipo m'kwaya mwathu muli amayi ondiposa. Mainchesi owonjezerawo ndiwo mpata uja.

Kanambala ka pakolala nakonso sikothandiza kwenikweni. M'belo limodzi mumatuluka zovala za maiko osiyanasiyana, ndipo diresi limene ku Britain alemba 12, ku America amalemba 8, ku Germany 38. Ndinasiya kuwerenga timanambalati. Popita ku kaunjika ndimatenga tepi m'chikwama.

Nanga bwanji osangopita kwa telala? Ndilibe nawo mlandu atelala. Pamakonde a masitolo ku Limbe ndi mumsika wa Zomba muli anthu a luso, odula diresi lonse ndi choko ndi maso basi, popanda pepala. Koma taganizani za telala mmodzi m'miyezi ya maukwati, ali ndi mulu wa zitenje za yunifomu ya mbumba yonse ndi za akuchimuna pamwamba. Amakuyezani kamodzi, mofulumira, pamwamba pa chitenje ndi juzi, n'kulemba manambala anayi m'kope. Kenako ndi zija za, "Amayi, mubwere Lachisanu, changotsala zipi." Sangakuitaneni kawiri katatu kuti mudzayese chovala chisanathe, chifukwa ndalama imene timawapatsa siilola zimenezo. Chimene muli nacho inu kunyumba, chimene telala alibe, ndi thupi lanulo. Lilipo m'mawa, lilipo usiku. Mungathe kuyesa chovala, kuchivula, kusuntha msoko, kuchiyesanso, osakwera minibasi.

Ine si telala. Ndimagwira ntchito ya muofesi, ndipo ndimasoka Loweruka masana ndi madzulo ena. Anandiphunzitsa ndi azakhali anga ku Ndirande, pa makina a Butterfly amene lero ali m'chipinda changa. Kuyendetsa msoko wowongoka anandionetsa masiku ochepa, poyamba pa pepala la mizere popanda ulusi, kenako pa nsalu. Zimene zinatenga zaka ndi zinazi: kuyeza, kudula, ndi kudziwa chimene khwinya lililonse likunena. Amene mukufuna kuyamba, nkhawa yanu isakhale pa makina. Gawo lalikulu la ntchitoyi limachitika makina ali phee.

Ndipo musayambe ndi chitenje chatsopano. Yambani ndi siketi ya m'sutikesi ija. Ngati ili ndi lamba wosokerera m'chiuno, mumasuleni mbali ya kumbuyo ndi lezala, ulusi umodziumodzi, osakoka. Itembenuzeni siketi mkati mukhale kunja, muivale, muitane mwana wamkulu kapena mnzanu wa khomo loyandikana. Atsine nsalu yotsalayo malo awiri, kumanzere ndi kumanja kwa msana, mainchesi atatu kapena anayi kuchokera pa zipi. Osatsina malo amodzi pakati. Abaye mapini motsika, kutsinako kukucheperachepera mpaka kuthere pamene thako layamba kutukuka. Amenewo ndiwo madati. Mukavula, lembani mzere wa mapiniwo ndi choko kapena kachidutswa ka sopo wotha, ndipo onetsetsani kuti madati awiriwo ndi ofanana kutalika. Posoka muyambire m'chiuno, kotambalala, kutsikira kunsonga. Misoko itatu yomaliza igwere pamphepete penipeni pa popinda, ndipo musabweze makina m'mbuyo monga mumachitira pomanga msoko wina uliwonse. Siyani ulusi wautali, mumange mfundo ndi manja. Mukabweza makina pansongapo pamatuluka kachotupa kamene simbi singakafafanize. Zikatero mudule lamba uja kuti afanane ndi chiuno chatsopanocho, n'kumubwezera.

Kufupikitsa buluku, kuchepetsa shati m'mbali, kusintha zipi yothothoka mano, zonsezi mudzaziphunzira chimodzimodzi pa zovala zimene zikaonongeka simulira. Pomasula zovala za kufakitale mudzaonanso mmene anazilumikizira, chinayamba n'chiti, chinatsiriza n'chiti.

Tepi ndi chingwe

Chiuno chimene mumamangapo chitenje si chimene telala amafuna. Mangani kachingwe pamimba, mupendekere kumanja, mupendekere kumanzere, kachingweko kadzipezera kokha malo. Pamenepo ndiye poyezera, ndipo kasiyeni pomwepo mpaka mutamaliza chifukwa miyezo ina yambiri imayambira kapena kuthera pa kachingweko. Valani zamkati zokha, zomwezo zimene mudzavale ndi chovalacho, pakuti bra ina imakweza mabere, ina imawatsitsa, ndipo madati a pachifuwa amatsata pamenepo. Musakoke mimba. Aliyense amakoka akaona tepi, ndiye pumani kaye, lankhulani pang'ono, kenako werengani. M'matako yezani ponenepa penipeni, nthawi zambiri mainchesi 7 mpaka 9 kutsika kuchokera m'chiuno, ndipo dziyang'aneni cham'mbali pagalasi kuti tepi isatsike kutsogolo kapena kukwera kumbuyo. Kutalika kwa msana, kuchokera pa kafupa kotukuka ka m'munsi mwa khosi kufika pa kachingwe, simungathe nokha. Pemphani munthu.

Tepiyo muiyang'anitsitse musanaikhulupirire. Pali matepi ena otchipa ochokera ku China amene mbali imodzi ali ndi masentimita, koma mbali inayo si mainchesi ayi, ndi muyezo wa Chitchaina umene gawo lake limodzi ndi masentimita 3.3. Inchi yeniyeni ndi masentimita 2.54. Kuti mudziwe, pezani nambala 10 ku mbali ya mainchesi n'kutembenuza tepi: muyenera kupeza 25 ndi pang'ono. Mukapeza 33, tepi imeneyo idzakunamizani pamene mukupereka miyezo kwa munthu wina kapena kutsata miyezo yolembedwa. Tepi yakale ya nsalu nayo imatanuka. Iyerekezeni ndi rula ya mwana wa sukulu.

Miyezo ya thupi si miyezo ya chovala. Chovala cha nsalu yosatanuka chikafanana ndendende ndi thupi simungakhale nacho pansi. Pamafunika mpata wopumira: inchi imodzi m'chiuno, mainchesi awiri m'matako, awiri kapena atatu pachifuwa. Nditenge thupi langa. M'chiuno ndi 30, m'matako 42, choncho siketi yanga yowongoka imakhala 31 ndi 44. Pakati pa manambala awiriwa pali mainchesi 13 amene ayenera kuchoka pamtunda waufupi wa pakati pa thako ndi chiuno. Atelala othamanga amachotsa pafupifupi onsewo m'mbali, siketi n'kukhala ndi makutu m'mahipi koma kumbuyo ikukokabe, chifukwa thupi silinatukukire m'mbali mokha. Ine ndimagawa chonchi: m'mbali ndimachotsa 6, kutanthauza inchi ndi theka pa mphepete iliyonse mwa zinayi, kumbuyo ndimaika madati anayi a inchi ndi kota, ndiwo 5, kutsogolo madati awiri aafupi a inchi imodzi, ndiwo 2. Mayi wa mimba yotukuka angachepetse a kutsogolo kapena kuwasiya kumene. Kagawidwe kameneka sikalembedwa pa chovala chilichonse cha musitolo. Mukakapeza kanu, kalembeni m'kope, ndipo muziyezanso thupi chaka ndi chaka.

Chitenje

Pamsika wogulitsa aliyense amati chake ndi wakisi weniweni. Wakisi amene dzina lake linatchuka ndi wa kampani ya Vlisco ya ku Helmond m'dziko la Netherlands, imene inayamba mu 1846 ndipo inatengera luso la nsalu za batik za pachilumba cha Java ku Indonesia. Amagulitsidwa mayadi 6, ndipo mtengo wake ambirife sitiufika. Zimene timavala tsiku ndi tsiku ndi zochokera ku Tanzania, ku Zambia, ku China, ku India, ndi zathu za ku Makata ku Blantyre, pa fakitale imene makolo athu ankaidziwa ndi dzina la David Whitehead isanagulitsidwe mu 2003 n'kukhala Mapeto DWS. Kwa wosoka, funso loyamba si dziko limene nsalu yachokera koma ulusi wake, ngati ndi wa thonje kapena wa poliyesitala. Thonje limapuma, limamvera simbi, limagona pamene mwaligoneka. Poliyesitala imatentha mu Okutobala, imaterera pansi pa singano, ndipo msoko wake umakwinyika. M'sitolo zonse zimaoneka zolimba chifukwa cha sitachi. Kunyumba dulani kachidutswa, kagwireni ndi sizasi pamwamba pa mbale ya madzi, muyatse machesi. Thonje limayaka msanga, limanunkha pepala lopsa, limasiya phulusa lotuwa limene limafumbutuka m'zala. Poliyesitala imafwanyalala kuthawa moto, imasungunuka, imasiya kampira kakuda kolimba. Zambiri masiku ano ndi zosakaniza, ndipo zimachita zonse ziwiri pang'onopang'ono.

Nsalu ichapidwe isanaone sizasi. Thonje limabwerera likalowa m'madzi koyamba, ndipo pa diresi lalitali inchi yathunthu ingathe kusowa. Chapani mmene mudzachapire chovalacho, yanikani pamthunzi, sitani isanaumitsitse. Mukatero mudziwiratu ngati ikusuluka, zimene ndi bwino kuzidziwa musanaisokerere kolala yoyera.

Nsalu ili ndi njira yake. Ikokeni motsata mphepete ija yolembedwa dzina, muona kuti sitanuka. Ikokeni mopingasa, itanuka pang'ono. Ikokeni kuchokera pa ngodya kupita pa ngodya inzake, itanuka kwambiri. Chidutswa chilichonse cha chovala chiyenera kugona mowongoka ndi mphepeteyo. Mukachipendeketsa kuti musunge nsalu, chovala chidzapotoka chikachapidwa, msoko wa m'mbali n'kubwera kutsogolo. Chitenje chili ndi mwambo wakewake pamenepa. Popeza anachipangira kumanga m'chiuno, maluwa ake nthawi zambiri amaima bwino mphepete ina ikakhala m'chiuno, inayo kumapazi. Choncho timachidula mopingasa, ndipo mulifupi mwake, pafupifupi mainchesi 45, ndimo mumatipatsa kutalika kwa chovala. Mayi wamtali wofuna diresi lofika kumapazi ayenera kulumikiza m'chiuno, palibe kuchitira mwina. Musanadule, ikani nsalu pathupi muone pamene maluwa akuluakulu agwere. Ndinaonapo pa ukwati diresi losokedwa mwaluso kwambiri, koma mpendadzuwa awiri atakhala ndendende pa bere lililonse, ndipo anthu sanayang'ane kusokako. Mbalame ndi miphika zisazondoke kumbuyo pamene kutsogolo zaima chilili. Zimenezi zimadya nsalu. Mamita awiri amakwanira siketi ndi duku, koma pa diresi la manja gulani anayi.

Ku America mapatani a pepala a sayizi zosiyanasiyana anayamba kugulitsidwa mu 1863 ndi Ebenezer Butterick, ndipo kumeneko osoka kunyumba anazolowera kugula patani mu envulopu. Kuno sapezeka wamba, ndipo sindiwasowa, chifukwa nawonso anawajambulira mayi wa papepala uja. Patani yabwino ili kale m'nyumba mwanu: bulawuzi kapena diresi lija limene limakukhalani bwino koma latha. Limasuleni misoko yonse, sitani chidutswa chilichonse, muchigoneke pa nyuzipepala kapena pa pepala la thumba la simenti, mujambule potsata pamene panadutsa ulusi. Lembani dzina la chidutswa chilichonse ndi muvi wosonyeza njira ya nsalu. Musanakhudze chitenje, sokani chovalacho pa shiti yakale ya pabedi, popanda zipi, popanda mpendero. Zolakwika zonse zionekere pamenepo, muzikonze papepala. Patani imodzi ya pachifuwa ndi imodzi ya siketi zikakhala bwino, masitayilo ena onse ndi kungosintha khosi, manja ndi kutalika.

Makina

Makina akuda opalasa ndi mapazi amene mumawaona pamakonde, kaya alembedwa Butterfly ya ku Shanghai kaya dzina lina, ambiri anatengera mtundu umodzi wa Singer wotchedwa 15, umene unayamba kupangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Singer weniweni wakale mukamupeza, n'kutheka kuti anachokera ku fakitale ya Clydebank pafupi ndi Glasgow ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1980. Ubwino wa kufanana kumeneku ndi wakuti bobini, shatulo, singano ndi lamba zimapezeka pafupifupi pa boma lililonse, ndipo wokonza samasowa. Makina amenewa amasoka msoko umodzi wokha, wowongoka, koma amauboola ngakhale pa jinzi, ndipo magetsi akazima iwo alibe nazo ntchito. Amagetsi apulasitiki okhala ndi misoko yamaluwa yambirimbiri ndimawaona abwino pa chinthu chimodzi, zigizagi. Zinazo ndi zokopera ogula.

Makina akayamba kuvuta, anthu amathamangira kupotokola kasikuluwu ka pa shatulo. Kasiyeni. Kawirikawiri wolakwa ndi singano kapena kalowetsedwe ka ulusi wapamwamba. Singano ili ndi ngalande yaitali mbali imodzi, imene mungaimve ndi chikhadabo, ndipo ulusi umalowera mbali ya ngalandeyo. Mukaitembenuza makina amadumpha misoko kapena kudula ulusi. Pa chitenje gwiritsani ntchito nambala 14, pa nsalu yopyapyala 11 kapena 12, pa jinzi 16 kapena 18. Singano yobuntha imamveka, imati tho tho tho pobaya nsalu. Itayeni, ndi yotchipa kuposa chitenje. Mukaona ulusi wapiringizana kunsi kwa nsalu, vuto lili pamwamba: ulusi sunalowe pakati pa timbale tiwiri toufinya. Kwezani phazi la makina, pakuti timbaleto timatseguka phazi likakwera, mulowetsenso ulusi kuyambira pachiyambi. Gudumu lizizungulira kubwera kwa inu nthawi zonse. Ndipo chonde, mafuta ophikira asayandikire makina. Sabata yoyamba amayenda bwino, kenako mafutawo amauma n'kusanduka ulimbo, ndiye kuti ndi ntchito ya palafini ndi wokonza. Kabotolo ka mafuta a makina kamatha miyezi yambiri, kadontho kamodzi pa kabowo kalikonse.

Kuyesa

Podula siyani nsalu yokwanira kunja kwa mzere wosokapo. Mapatani ogula amasiya sentimita imodzi ndi theka. Ine m'mbali ndimasiya inchi yathunthu, chifukwa kuchepetsa n'kosavuta koma nsalu yodulidwa sibwerera, komanso thupi la mayi limasintha. Lumikizani kaye ndi singano ya pamanja, misoko italiitali ya ulusi wa mtundu wina woonekera, kuti musavutike pochotsa. Azakhali ankandiletsa kukhala pa makina chovala chisanalowe m'thupi. "Iwe, vala kaye," ankatero, "makina sathawa."

Mukavala, musafunse galasi ngati mwatchena. Yang'anani makwinya. Makwinya opingasa, okokeka, akunena kuti pamenepo pathina. Nsalu yopindika motsika ikunena kuti pataya. Makwinya opendekera amaloza pamene pakufunika malo: akachokera m'mbali kulunjika pa bere, chifuwa chikufuna dati lokulirapo ndi nsalu yowonjezera kutsogolo kokha, osati chovala chonse chachikulu. Dati la pachifuwa liloze pansonga ya bere koma lithere inchi imodzi lisanafikepo. Siketi ikakwera kumbuyo n'kutsika kutsogolo, musathamangire kudula mpendero. Thako ladya kutalika, ndipo mankhwala ake ali m'chiuno. Valani siketi isanakhale ndi lamba, mangani kachingwe kaja pamwamba pake, kokerani nsalu m'mwamba kutsogolo mpaka m'munsi mutalingana ndipo misoko ya m'mbali yaima chilili. Lembani choko motsata kachingwe kuzungulira. Mukavula mudzaona kuti mzerewo ndi wokhota, wotsika kutsogolo, wokwera kumbuyo. Musauwongole, ndiwo mzere wa chiuno chanu. Konzani chinthu chimodzi, muvalenso, kenako china, kuyambira m'mapewa kutsika, chifukwa kukweza phewa kokha kumasuntha zonse za m'munsi.

Za kukhwapa ndiye zimasokoneza anthu ambiri. Diresi likamakana kuti mukweze mkono, maganizo amati bowo la mkono lachepa, likulitsidwe. Nthawi zambiri zimakhala zosiyana. Bowo likatsika kwambiri, mkono wa diresi umamangirirana ndi mbali yake kutali ndi khwapa, ndiye mukakweza dzanja kuti mugwire chitsulo cha mubasi diresi lonse limakwera nalo. Bowo lokwera, loyandikira khwapa koma losaluma, limamasula mkono. Ngati likulumadi, chotsani kota ya inchi, muyese, osapitirira apo nthawi imodzi. Nsalu imene mwadula kukhwapa simungaibwezere popanda chigamba.

Ndipo musangoima pagalasi. Khalani pampando, khalani pamkeka, gwadani mmene mumagwadira popereka madzi kwa apongozi, kwezani mwendo ngati mukukwera kabaza. Chovala chimene chimakoma mutaima mokha ndi cha pa chithunzi. Mpendero ukhale womaliza, mutavala nsapato zake, mnzanu akuyeza ndi rula kuchokera pansi kuzungulira.

Simbi ikhale yotentha pambali nthawi yonse imene mukusoka, kaya ndi ya magetsi kaya ya makala. Msoko uliwonse usitidwe, utsegulidwe, musanaudutsitse msoko wina pamwamba pake. Kusita chovala chitatha kale sikufika m'makona. Zovala zambiri zimene anthu amangoziona n'kudziwa kuti n'zosokera kunyumba, chimene chimaziulula si msoko wokhota koma msoko wotupa umene sunaone simbi. Ya makala muziipukuta kunsi ndi kuyala kansalu koyera pamwamba pa chovala, chifukwa kaphulusa kamodzi kamoto kamaboola poliyesitala nthawi yomweyo.

Buluku la amayi mulisiyire kumapeto. Azakhali, ndi luso lawo lonse, sanalidulepo. Anasoka zaka zawo zabwino pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa mawondo mpaka linachotsedwa mu 1993, ndipo pofika nthawi imeneyo analibenso chidwi. Ndinachita kuphunzira pomasula mabuluku a pa kaunjika. Povuta ndi pa msoko wokhota umene umachoka pamchombo, kudutsa pakati pa miyendo, kukafika pamsana. Kuya kwake kumayezedwa mutakhala pampando wathabwa, kuchokera pa kachingwe ka m'chiuno kutsika m'mbali kufika pa thabwa. Kutalika kwake mumadutsitsa tepi pakati pa miyendo, ndipo mulembe padera gawo la kutsogolo ndi la kumbuyo, chifukwa kwa ambirife la kumbuyo ndi lalitali kwambiri kuposa limene fakitale inaganizira. N'chifukwa chake jinzi imatsika kumbuyo tikakhala pansi. Pamenepa shiti yakale ija idzagwira ntchito kangapo.

Za ndalama ndisakunamizeni. Kudzisokera sikungapose kaunjika kutchipa, makamaka madzulo belo likatsala zosankhidwa, mtengo utagwa. Chitenje, layiningi, zipi, ulusi, zonse zinakwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, popeza zambiri mwa izo zimachokera kunja. Mumapulumutsa ndalama ya telala ndi ya maulendo okamukumbutsa, ndipo mumapulumutsa zovala zimene zikanangokhala m'sutikesi. Pa yunifomu za ana ndiye phindu limaoneka msanga, chifukwa mumasiya mpendero waukulu ndi nsalu m'mbali, diresi n'kumakula ndi mwana makalasi awiri.

Zilipo zimene ndimapititsabe kwa telala. Makina anga alibe ovaloko, choncho pa nsalu zopyapyala ndimasoka msoko wobisa mphepete, kaye kunja, kenako kutembenuza n'kusokanso mkati, koma pa diresi la nsalu yokhuthala ndimapita nalo kumsika litatha, amalidutsitsa m'misoko yonse ndili chiimire. Mabowo a mabatani a shati nawonso ndimalipira, chifukwa a pamanja amandithera Loweruka lonse. Jekete ya suti ya bambo a kunyumba sindiigwira n'komwe. Mkati mwa jekete muli nsalu zolimbitsa, mapadi a m'mapewa ndi kolala youmbidwa ndi simbi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu amene anaiphunzira zaka pansi pa telala mnzake.